Musanagule chikwama cha ulendo wokadzipereka ku Britain

Chaka chilichonse ndimalandira achinyamata amene apeza mwayi wokagwira ntchito yodzipereka ku bungwe lachifundo ku Britain, ndipo funso loyamba la makolo awo silisintha: "Kodi azilandira zingati pa mwezi?" Yankho limawakhumudwitsa. Salandira malipiro. Chilolezo chimene anthu oterewa amayendera chimatchedwa Charity Worker visa, ndipo lamulo lake n'lakuti munthu agwire ntchito yosalipidwa kwa miyezi yosapitirira 12. Bungwe limakupatsani pogona, chakudya ndi kandalama kogulira sopo ndi mayunitsi. Kukagwira ganyu kumbali n'kuphwanya lamulo, ndipo mungabwezedwe. Banja likagulitsa ng'ombe poyembekezera kuti mwana azitumiza mapaundi, mkangano wake umabuka mwanayo asanathe n'komwe miyezi itatu.

Zonse zimayambira pa bungwe lokuitanani. Kuti mupemphe viza, bungwelo limayenera kukupatsani nambala yotchedwa certificate of sponsorship, ndipo si bungwe lililonse limene lingaipereke. Boma la Britain limasindikiza pa tsamba lake la pa intaneti, GOV.UK, mndandanda wa onse ololedwa kuitana anthu akunja, ndipo aliyense angauone kwaulere pa foni yake. Dzina la bungwe likasowa pamenepo, nkhani yathera pomwepo, ngakhale kalata yake ikhale ndi zidindo zisanu. Mabungwe a ku England ndi Wales amapezekanso m'kaundula wa Charity Commission, nthambi ya boma yoyang'anira mabungwe achifundo. Mukalipeza, lemberani bungwelo nokha pa adiresi imene ili pa tsamba lake, osati pa nambala ya WhatsApp imene wakupatsani munthu wapakati. Malo odziperekerawa sagulitsidwa. Wina akakuuzani kuti "ingotumizani kangachepe ndikusungireni malo", kumbukirani azimayi athu amene analonjezedwa ntchito zabwino ku Oman n'kukapezeka ali ngati akapolo, mapasipoti atalandidwa. Ambiri a iwo anakopedwa ndi mawu okoma a munthu wapakati.

Mapepala amafuna kuwerengera masiku chobwerera, chifukwa lililonse lili ndi nthawi yake yothera. Pasipoti iyambe, pakuti amene ankayembekezera yawo kumayambiriro kwa 2024, makina osindikizira ataima, akudziwa mmene zimawawira. Kenako kalata ya apolisi yotsimikiza kuti mulibe mlandu: amatenga zidindo za zala, ndipo mabungwe osamalira ana kapena anthu aulumali sangakulandireni popanda kalatayi. Ngati mukakhale miyezi yopitirira 6, muyenera kupimidwa chifuwa chachikulu, koma pa chipatala chokhacho chimene boma la Britain linavomereza. Chikalata chake chimagwira ntchito miyezi 6. Nambala ya bungwe ija imatha pakapita miyezi itatu. Ndaonapo mnyamata atafulumira kukapimitsa mu Januwale, bungwe n'kumutumizira nambala mu Ogasiti, ndiye kupimitsanso kawiri, ndalama kawirinso.

Pa ndalama m'pamene ambiri amapunthwa. Muyenera kuonetsa kuti mu akaunti yanu mwakhala ndalama zokwana mapaundi 1,270 kwa masiku 28 otsatizana, pokhapokha bungwe litalemba kuti lidzakusamalani lokha mwezi woyamba. Mawu ofunika apa ndi "otsatizana". Ndalama zikatsika tsiku limodzi lokha, kuwerenga kumayambiranso. Ndalama yobwereka kwa amalume Lachisanu n'kubweza Lolemba ilibe ntchito. Ndipo musaike makwacha okwanira ndendende mapaundiwo basi: mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anali ndi zokwanira madzulo anadzuka zili zoperewera. Ikanipo zapamwamba. Palinso mtengo wa viza, mapaundi opitirira 300, ndi msonkho wa chipatala wa mapaundi 1,035 pa chaka. Funsani bungwe, ndipo likuyankheni molemba: msonkhowu alipira ndani, nanga tikiti yobwerera agula ndani? Kufunsa si mwano. Mabungwe enieni amazolowera mafunso otere, ndipo ena amathandizapo.

Ntchito yakeyo ndi yotani? Tengani midzi ya Camphill, imene inayambitsidwa ndi Karl König pafupi ndi Aberdeen ku Scotland mu 1940. Odzipereka amakhala nyumba imodzi ndi anthu aulumali wa m'maganizo: kuwathandiza kusamba ndi kuvala, kuphika, kutsuka, kulima m'dimba, kudyetsa ziweto. Amene munasamalirapo agogo kumudzi muli kale patsogolo, ndipo pofunsidwa mafunso nenani zimenezo mosachita manyazi, chifukwa n'zolemera kuposa digiri. Chachilendo ndi malamulo oteteza osamalidwawo. Simuwajambula n'kuika pa Facebook. Simuwapatsa mankhwala musanaphunzitsidwe. Chilichonse chochitika, ngakhale kabala kakang'ono, chimalembedwa. Bwana wanu mudzamutchula dzina lake lenileni ngati mnzanu wosewera naye, zimene kwa ife oleredwa ndi "abambo" ndi "amayi" zimalemera pakamwa kwa milungu ingapo. Choipa kwambiri kumeneko ndi kuyankha kuti "chabwino" pa chinthu chimene simunamve. Ife timati ndi ulemu. Iwo amaona ngati mwawanamiza.

Za m'chikwama sizichuluka. Majekete a pa kaunjika amathandiza ndithu, makamaka losalowa madzi, koma musadzaze katundu. Kumenekonso kuli masitolo a zovala zogwiritsidwa kale. Mapulagi amagetsi ndi ofanana ndi athu. Ufa wa nsima umapezeka m'masitolo a anthu a ku Africa m'mizinda ikuluikulu. Chimene sindingathe kukulongedzerani ndi dzuwa. Mu Disembala ku Scotland kumada 4 koloko isanakwane, ndipo mdima umenewu umafooketsa mtima kuposa kuzizira. Madokotala kumeneko amalangiza kumwa vitamini D kuyambira Okutobala mpaka Malichi, ndipo ife akhungu lakuda chaka chonse. Lembetsani kwa dokotala wa m'dera lanu sabata yoyamba, ndipo mukamva kutentha thupi nenani msanga kuti mwachokera kudziko la malungo, chifukwa dokotala wa kumudzi wa ku Scotland sangawaganizire yekha.

Jambulani pasipoti, viza ndi kalata ya bungwe, musunge pa imelo yanu, makope ena musiyire m'bale mmodzi wodalirika kunyumba. Pasipoti yeniyeniyo ikhale ndi inu nthawi zonse. Palibe bungwe loyenera kukusungirani. Lembaninso penapake tsiku lothera viza, ndipo musayembekezere kuti mudzangoiwonjezera: amene watha nthawi yake pa chilolezo chimenechi amadikira miyezi 12 asanapemphenso china chonga icho.