Ndalama ya pachipata cha akachisi a ku Korea

Kuyambira pa 4 May 2023, munthu amalowa ulele mu akachisi a Chibuda 65 a ku South Korea, kuphatikizapo Haeinsa ndi Bulguksa. Boma ndi limene likulipira tsopano, ndiye ena akung'ung'udzabe kuti ndalamayo yangosintha thumba lochokera.

Chilolezo cholipiritsa alendo chinabwera ndi lamulo loteteza zinthu zakale la 1962. Mu 1967 phiri la Jirisan linakhala paki yoyamba ya dziko, mapiri ena n'kutsatira, ndipo nkhalango zambiri za akachisi zinalowa m'mapakiwo. Kwa zaka zambiri tikiti inali imodzi, ya paki ndi ya kachisi pamodzi, moti anthu ambiri sankafunsa n'komwe kuti ndalama ikupita kwa ndani.

Zinthu zinasokonekera mu January 2007, boma litathetsa ndalama yolowera m'mapaki. Tinyumba togulitsira matikiti tinatsala pomwepo, pamsewu wopita kuphiri, kutali ndi kachisi weniweniyo. Munthu wavala nsapato zokwerera mapiri, chikwama kumsana, wamva kuti paki ndi yaulere, koma pachipata akumuuza kuti alipire kachisi amene alibe naye ntchito. Ku kachisi wa Cheoneunsa ankaimitsa ngakhale magalimoto ongodutsa, mpaka nkhani inafika kukhoti. Analeka mu 2019.

Mu 2021 phungu Jung Chung-rae anatchula ndalama ya ku Haeinsa kuti msonkho wapamsewu, n'kuyerekeza kachisiyo ndi Bongi Kim Seon-dal, tambwali wa m'nthano amene anagulitsa madzi a mumtsinje. Anapepesa pambuyo pake, koma mu January 2022 amonke zikwizikwi anasonkhana ku kachisi wa Jogyesa mumzinda wa Seoul kusonyeza mkwiyo wawo.

Okwera mapiri ankadandaula kuti sizinkadziwika bwino kuti ndalamazo zikugwira ntchito yanji, ndipo pamenepo anali ndi mfundo. Amonke nawo amati boma linaika nthaka yawo m'mapaki osapereka chipukuta misozi, n'kuwamanga manja pa kagwiritsidwe ntchito kake. Mbali imeneyi sinkamveka kwenikweni m'phokoso lija. Njira imene wokwera phiri ankaiona ngati ya boma nthawi zambiri inkadutsa m'malo a kachisi. Ndipo ku Haeinsa komwe phungu ananyoza kuja, amonke akusungabe matabwa oposa 80,000 ozokotedwa malemba a Chibuda, amene anasemedwa m'zaka za m'ma 1200.