Khirisimasi ya ku Britain popanda nkhukundembo

Disembala akangoyamba, foni yanga imalira ndi funso limodzimodzi. Ofunsa ndi abale athu okhala kuno ku Britain, makamaka amene ana awo abadwira konkuno: "Achimwene, nkhukundembo ija timaitani kuti isaume ngati chikuni?" Ndagwira ntchito yophika m'makhitchini a kuno kwa zaka zambiri ndipo mbalameyi ndaiwotcha kosawerengeka. Ndisanayankhe ndimayamba ndafunsa kuti pakhomopo padzakhala anthu angati, nanga uvuni wawo ndi waukulu bwanji. Akati sakwana 8, ndimawauza kuti asaigule.

Vuto lili m'thupi mwa mbalameyo. Ili ndi nyama za mitundu iwiri zomwe sizipsera limodzi. Ya panganga ndi yoyera, yopanda mafuta, ndipo kutentha kwa mkati mwake kukangopitirira madigiri 70 imayamba kutaya madzi. Ya m'ntchafu ndi yoderapo, yodzaza timitsempha tolimba, ndipo imafuna madigiri 80 kapena kuposerapo kuti timitsemphato tisungunuke, nyama ifewe. Pa nkhuku ya makilogalamu awiri kusiyanaku sikuvuta, poti yonse imapsa mu ola limodzi ndi theka. Koma chimbalame cha makilogalamu 6 chimakhala mu uvuni maola atatu kapena anayi, ndiye pomwe ntchafu zikupsa, nganga imakhala itauma kalekale. Mayi wapakhomo amangodziimba mlandu kuti walephera kuphika, chonsecho ndi mmene mbalameyo ilili. Mtundu umene umawetedwa kwambiri m'mafamu akuluakulu, wa nthenga zoyera, anausankhira kukula kwa nganga mpaka yaimuna sithanso kukwera yaikazi. Alimi amachita kuika umuna ndi manja.

Onjezerani za firiji. Nkhukundembo yowumitsidwa ndi chisanu imafuna maola 10 mpaka 12 pa kilogalamu iliyonse kuti isungunuke bwino mufiriji. Ya makilogalamu 6 imalanda firiji yonse kwa masiku atatu, m'sabata yomwe mukufunanso malo oika zakumwa ndi ndiwo zina.

Ambiri amaopa kuti akapanda kuigula ndiye kuti aphwanya mwambo wa eni dziko. Mwambowo ndi wa dzulodzuloli. Kwawo kwa nkhukundembo ndi ku Mexico ndi madera ena a ku North America, ndipo inafika ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500 kudzera mwa anthu a ku Spain. Kwa zaka mazana angapo inali ndiwo ya anthu olemera. M'zaka za m'ma 1700 alimi a ku Norfolk, dera la kum'mawa kwa England, ankaziyendetsa pansi ngati ng'ombe mpaka ku misika ya ku London, ulendo wa masabata. Banja wamba linkadya tsekwe kapena nyama ya ng'ombe, ndipo m'nthawi ya Mfumukazi Victoria anthu osauka ankasonkha ndalama pang'onopang'ono m'timagulu, ngati chipereganyu, kuti pofika Khirisimasi apeze tsekwe. Nkhukundembo inalowa m'nyumba ya aliyense nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, mafiriji atachuluka ndiponso ulimi wa m'mashedi utatsitsa mtengo. Bernard Matthews, yemwe dzina lake mumaliona pamapaketi m'sitolo, anayamba mu 1950 ndi mazira 20 okha ku Norfolk komweko. Ndipo mu 2022, chimfine cha mbalame chitapululutsa pafupifupi theka la nkhukundembo zoyenda panja zomwe zinawetedwera Khirisimasi, mabanja ambiri anadya zina, tsikulo n'kudutsa bwinobwino.

Mbalame yomwe ine ndimaika patsogolo ndi nkhanga. Pali kankhani kake komwe kamandisangalatsa. Dzina la Chingerezi lakuti turkey poyamba ankatchulira nkhanga yathu ya ku Africa, chifukwa inkafika ku England kudzera mwa amalonda ochokera m'madera olamulidwa ndi Turkey. Mbalame ya ku America itabwera, anthu anazisokoneza, dzinalo n'kukakamira pa mlendoyo. Choncho woika nkhanga patebulo pa 25 Disembala asadzione ngati waphonya.

Nkhanga imapezeka m'masitolo ena akuluakulu ndi kwa ogulitsa nyama, ndipo imodzi imalemera kilogalamu ndi kanthu, yokwanira anthu awiri kapena atatu. Kakomedwe kake kali pakati pa nkhuku ya lokolo ndi mbalame yakutchire. Nayonso ilibe mafuta ambiri, ndiye sindiiwotcha yathunthu. Ndimaiduladula madzulo a pa 24, kuithira mchere, n'kuigoneka mufiriji yosavundikira kuti khungu liume. Mawa lake ndimakazinga zidutswazo mpaka zifiire, kuzichotsa, n'kukazinga anyezi wambiri m'mafuta omwewo, kenako adyo, jinja, tomato ndi kambuzi mmodzi wosang'amba. Ntchafu ndi mapiko zimabwerera mumphika msanga n'kumabwata pamoto wochepa kwa mphindi 40. Nganga imalowa mphindi 15 zomaliza basi. Chenjezo kwa amene anazolowera nkhanga yakumudzi: ya m'sitolo ya kuno imaphedwa ikadali yanthete, ndipo mukaipatsa maola awiri monga tinkachitira kwathu idzasanduka zingwezingwe.

Amene mtima uli pa mpunga wa nkhuku weniweni, uja tinkauyembekezera chaka chathunthu titavala zovala zatsopano, apite ku mashopu a zakudya za ku Africa kapena kwa ogulitsa nyama ya halal akafunse hard chicken. Ndi matadzi omwe amaliza kuikira mazira, ndipo ndiyo yoyandikira kwambiri nkhuku ya lokolo. Imeneyo ndiye ya maola awiri kapena atatu pamoto wochepa, ndipo mu uvuni isayandikireko. Timitsempha take tikasungunuka timapereka msuzi wonata pamilomo womwe nkhuku yoyera ya masabata 6 singapereke ngakhale muithire zokometsera zotani. Mufunse ngati nthutumba ilimo. Nthawi zambiri amazigulitsa padera, ndipo akulu apakhomo akaisowa m'mbale adzafunsa.

Pakakhala khamu, anthu 8 kapena 10, ndimasiya mbalame n'kutenga mapewa awiri a mbuzi kapena a nkhosa, lililonse la makilogalamu awiri, fupa lili momwemo. Phewa ndi nyama yokhululuka. Mumalibayabaya ndi nsonga ya mpeni, kulowetsamo adyo, kulipaka mchere ndi mandimu, kuligoneka pa anyezi, kuthira kapu ya madzi, kuvundikira zolimba ndi foyilo, n'kuliika mu uvuni pa madigiri 150 kwa maola anayi. Mapemphero akatalika kutchalitchi n'kuchedwa ndi theka la ola, silionongeka. Pomaliza mumavundukula ndi kukweza moto kwa mphindi 20 kuti pamwamba pafiire. Lapsa ngati fupa likusolola lokha. Mbuzi ili ndi mafuta ochepa kuposa nkhosa, ndiye suzumirani kamodzi pakatikati kuti madzi asaphwe.

Tsekwe ndi wokoma kwambiri, ndipo ku Germany mpaka lero ndiye ndiwo yotchuka ya Khirisimasi, pamodzi ndi kabichi wofiira. Koma amanyenga maso: amaoneka wamkulu pomwe zambiri ndi mafupa ndi mafuta, moti wa makilogalamu 5 amangokwanira anthu 6, mtengo wake n'kukhalanso wokwera. Mukamugula, bayani khungu ndi foloko, mumuike pa waya kuti mafuta azidontha, ndipo muzikhuthula mafutawo akachuluka, apo ayi nyumba idzadzaza utsi. Musawataye, mbatatesi yowotchera m'mafuta a tsekwe ilibe inzake. Bakha amafuna zomwezo, koma mmodzi ndi wa anthu atatu.

Nsomba nayo ndi ya Khirisimasi. Ku Poland ndi ku Czech Republic amadya nsomba ya carp usiku wa pa 24, ku Portugal amadya bakayawo ndi mbatatesi ndi kabichi. Ife obadwira m'dziko la chambo tisachite manyazi ndi nsomba yathunthu patebulo. Mbali imodzi ya nsomba ya salmon imapsa m'mphindi 25 pa madigiri 180 ndipo imadyetsa anthu 6. Mlendo wosadya nyama, amene Angerezi amamuumbira mkate wa mtedza ndi masamba, kwa ife savuta: nyemba zophika bwino, bowa wokazinga, ndi ndiwo zamasamba zotendera. Masamba omwe m'Chingerezi amawatcha kale amatendereka bwino ngati repu.

Ndikudziwa kuti m'nyumba zina ana ndiwo adzaumirire. Adya nkhukundembo pa chakudya cha Khirisimasi cha kusukulu, anzawo onse akuikamba, ndipo safuna kuoneka osiyana. Chimenecho ndi chifukwa chomveka, musawanyoze. Gulani nganga yokha, yomwe m'sitolo amailemba kuti crown, muithire mchere tsiku lathunthu isanalowe mu uvuni, muipake batala, ndipo pambali pake pakhale mphika wa nkhuku kapena mbuzi wa akuluakulu. Mukagula yathunthu, dulani miyendo muiphike payokha. Gulaninso kachipangizo kobaya munyama koyezera kutentha, n'kotsika mtengo kuposa mbalameyo. Muyezo womwe timatsata m'makhitchini a kuno ndi wakuti pakati pa nyama pafike madigiri 70 kwa mphindi ziwiri. Ikatuluka mu uvuni isadulidwe mpaka patapita theka la ola, kuti madzi akhazikike mkati.

Pali zizolowezi ziwiri zomwe ndimalimbana nazo ndi abale anga chaka ndi chaka. Choyamba ndi kutsuka nkhuku yaiwisi pampopi. Kwathu tinkatsuka chifukwa tinkapha tokha, kusosola ndi kutumbula. Ya m'paketi yatsukidwa kale, ndipo madzi othovokawo amangomwaza tizilombo ta campylobacter pa sinki, pa mbale ndi pa saladi. Tizilomboto timafa ndi moto, osati ndi madzi. Chachiwiri ndi mpunga wotsala. Timaphika chimphika chachikulu cha Kilombero yemwe wina wabwera naye m'sutikesi, n'kuchisiya pachitofu mpaka mawa. Mumpunga mumakhala mbewu za tizilombo zomwe sizifa pophika. Ukakhalitsa wofunda zimaswana ndi kutulutsa poizoni yemwe satha ngakhale muutenthetsenso. Anthu akangomaliza kudya, yalani wotsalawo m'mbale yaphwatalala kuti uzizire msanga, ulowe mufiriji ola lisanathe, ndipo udyedwe pa 26. Nyama yotsala ikhoza kudikira masiku awiri, kupitirira apo iumitseni mufiriza.