Felinfoel: mowa wa tauni ya malata ku Wales

Mudzi wa Felinfoel uli m'mphepete mwa tauni ya Llanelli, kummwera chakumadzulo kwa Wales, ku Britain. Pamsewu waukulu wa mudziwu, pafupi ndi mtsinje wa Lliedi, pali nyumba yamiyala ya kampani ya Felinfoel, yomwe akhala akufululiramo mowa kuyambira 1878. Anaimanga ndi David John, yemwe analinso ndi dzanja pa ntchito za zitsulo ndi malata m'derali, ndipo mbiri yonse ya kampaniyi yamangika pa malatawo.

Llanelli inali tauni ya malata opyapyala okutidwa ndi tini, opangira zitini za chakudya. Amuna ankagwira ntchito pamaso pa ng'anjo, thukuta lili kamukamu, ndipo akaweruka ankafuna chakumwa chothetsa ludzu koma chosagwetsa munthu msanga, poti m'mawa mwake ntchito inali kuwadikira. N'chifukwa chake mowa wachikhalidwe wa dera lino si waukali kwambiri, ndipo umamveka kukoma kwa chimera cha balere kuposa kuwawa kwa hops, maluwa owawa omwe amathira mu mowa. Double Dragon, mowa wodziwika kwambiri wa Felinfoel, mphamvu yake ndi 4.2 peresenti basi.

Koma kufulula mowa ku Wales wa nthawi imeneyo kunali ndi adani amphamvu. Matchalitchi a Methodist, Baptist ndi ena ankalalikira molimba zodana ndi kuledzera, ndipo mu 1881, patangopita zaka zitatu chitsegulire kampaniyi, nyumba ya malamulo ku London inalamula kuti malo omwera mowa ku Wales azitsekedwa Lamulungu. Kuyambira 1961 madera anapatsidwa ufulu wovota pa nkhaniyi, ndipo dera lomaliza, Dwyfor, linatsegula mabala ake Lamulungu mu 1996.

Chomwe chinatchukitsa Felinfoel chinachitika kumapeto kwa 1935. Mu Januwale chaka chomwecho kampani ya Krueger ku America inali itayamba kugulitsa mowa wa m'zitini. Ku Llanelli malonda a malata anali atalowa pansi, anthu ambiri ali pa ulova, ndipo eni ake a Felinfoel anaona kuti chitini cha mowa chingapatse mafakitale a kwawo msika watsopano. Anagwirizana ndi kampani ya Metal Box, yomwe inapanga zitini zosongoka kumutu zotsekedwa ndi chivundikiro chonga cha botolo, kuti makina othira mowa m'mabotolo azigwirabe ntchito. Mkati ankapakamo phula kuti mowa usamve chitsulo. Umu ndi momwe kampani yaing'ono ya m'mudzi inakhalira yoyamba ku Britain kuthira mowa m'zitini, makampani akuluakulu a ku London ndi Burton akali kuonerera. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, zitini za ku Felinfoel zinkatumizidwa kwa asilikali a Britain kunja.

M'tauni momwemo munali kampani ina yokulirapo, Buckley's, yomwe dzina lake linachokera kwa m'busa wa Methodist, James Buckley. Mpikisano wa awiriwa unafika pachimake mu 1965 pomwe Buckley's inafuna kumeza Felinfoel. Inagula masheya pafupifupi theka, koma banja la eni ake linakana kugulitsa otsalawo. Ine ndimaona kuti kukana kumeneku n'kofunika kuposa ngakhale nkhani ya zitini ija. Buckley's inadutsa m'manja mwa eni ake osiyanasiyana mpaka inakathera kwa kampani ya mowa ya Brains ya ku Cardiff mu 1997, ndipo fakitale yake ya ku Llanelli inatsekedwa posakhalitsa. Mowa wake wotchuka, Reverend James, unasamukira ku Cardiff.

Felinfoel inatsala m'manja mwa banja la Lewis, lomwe linalowamo kudzera mu ukwati ndi banja la John. Imapangabe mowa wa m'migolo, womwe okonda mowa wachikhalidwe amautetezera kwambiri kuyambira pomwe bungwe lawo lomenyera nkhondo mowa wotere, la CAMRA, linakhazikitsidwa mu 1971. Mowa wotere ukafululidwa sutenthetsedwanso kuti yisiti ife. Umapitiriza kusasa mumgolo momwemo, monga amachitira masese m'paketi. Mwini bala amausunga m'chipinda chozizira chapansi, amaudikira kuti udekhe, kenako amaukoka ndi pampu yamanja. Mgolo ukatsegulidwa uyenera kutha m'masiku ochepa, apo ayi mowa umawonongeka, choncho wambiri umamwedwa m'mabala a kampaniyi omwe ali m'matauni ndi m'midzi yozungulira Llanelli.