Kudziwa kulankhula si utolankhani

Chaka chilichonse, nyengo yosankha maphunziro a kukoleji ikafika, ndimamva mawu omwewo. Kholo limabwera ndi mwana wake n'kunena kuti, "Ameneyu pakamwa sipatseka, ndiye tamuuza kuti akachite za utolankhani." Lina limati, "Masamu anamukanika, sayansinso ayi, bola apite ku zofalitsa nkhani, kumeneko n'kophweka." Mwini wakeyo ukamufunsa, amati akufuna azioneka pa kanema. Ndaphunzitsa maphunziro amenewa kwa nthawi yaitali, ndipo ndisanayambe kuphunzitsa ndinali mkonzi. Mawu amenewa anditopetsa, chifukwa ndikudziwa kumene amathera. Mwana amalowa m'kalasi akuyembekezera maikolofoni, koma amapeza mabuku oti awerenge ndi mphunzitsi amene akumubwezera nkhani yake kuti akailembenso.

Makolo, ntchito imeneyi ndi ya kulemba. Nkhani ya mphindi imodzi imene mumaimva pa wailesi inayamba yalembedwa, wina anaimbira foni anthu angapo kuti atsimikize dzina ndi chiwerengero, mkonzi anadulapo theka, kenako ndiye inafika pakamwa pa muulutsi. Amene mumamuona pa kanema ndi mmodzi, koma kumbuyo kwake kuli gulu la anthu amene nkhope zawo simudzazionapo, ndipo ntchito zambiri zili kumeneko. Mwana wolongolola koma wosawerenga, amene sangalembe ndime imodzi yomveka, amavutika m'maphunzirowa kuposa mwana wofatsa amene amakonda kufunsa kuti "mwadziwa bwanji?"

Mu 1948 katswiri wa zandale wa ku America, Harold Lasswell, anamanga phunziro lonseli pa mafunso asanu: akulankhula ndani, akunena chiyani, kudzera njira iti, kwa yani, ndipo zotsatira zake n'zotani. Ana ambiri amabwera atakopeka ndi funso loyamba lokha, pofuna kuti wolankhulayo akhale iwo. Koma zaka za kukoleji zimathera pa mafunso awiri omalizawo. Akatswiri ena awiri, Maxwell McCombs ndi Donald Shaw, anafunsa ovota a m'tauni ya Chapel Hill pa chisankho cha pulezidenti wa America cha 1968, ndipo zimene anapeza anazisindikiza mu 1972: nkhani zimene anthuwo ankaziona kuti n'zofunika kwambiri m'dziko zinali zomwezo zimene manyuzipepala ndi mawailesi a kanema ankaziika patsogolo. Wosankha mutu wa tsamba loyamba amasankhanso zimene anthu akambirane tsiku limenelo. Ndiye taonani: kuti wophunzira amvetse kafukufuku ngati ameneyu, kapena achite wake, ayenera kudziwa kusankha anthu owafunsa, kuwerengetsa mayankho ndi kutanthauzira ziwerengero. Masamu amene mwana ankawathawa aja amawapeza akumudikira m'chaka chachiwiri. Mtolankhani wosadziwa kusiyanitsa miliyoni ndi biliyoni mu bajeti ya boma amanamiza dziko lonse osadziwa kuti akunama.

Amene amaganiza kuti mawu okoma ndiye ntchito yonse akumbukire za ku Rwanda. Wailesi ya RTLM inayamba kuulutsa mawu mu 1993, ndipo achinyamata ankaikonda chifukwa cha nyimbo zamakono ndi aulutsi ansangala, odziwa kucheza ndi omvera. Aulutsi omwewo mu 1994 ankatchula Atutsi kuti mphemvu, n'kumawerenga maina a anthu ndi malo amene abisala. Anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa m'masiku pafupifupi 100. Mu December 2003 khoti lapadera la bungwe la United Nations ku Arusha, m'dziko la Tanzania, linapeza olakwa Ferdinand Nahimana ndi Jean-Bosco Barayagwiza, omwe anali akuluakulu a wailesiyo, pamodzi ndi Hassan Ngeze, mkonzi wa nyuzipepala ya Kangura. Luso la pakamwa linalipo lochuluka pa wailesi imeneyo. N'chifukwa chake ndimakwiya wophunzira akamajomba kalasi ya malamulo ndi chikhalidwe cha ntchito, ati n'njotopetsa, n'kumathamangira ku situdiyo. Kalasi imeneyo ndi imene imamuphunzitsa kuti kuipitsa mbiri ya munthu ndi mlandu, kuti nkhani imene ili m'khoti siilembedwa mwachisawawa, kuti mwana wogwiriridwa satchulidwa dzina, kuti munthu amene wakutsina khutu mwachinsinsi suumuulula ngakhale akuopseze.

Za ntchito ndinene mosabisa. Manyuzipepala sakulembanso anthu ngati kale. Bungwe la Pew Research Center linapeza kuti ku America ogwira ntchito m'zipinda zolembera nkhani za manyuzipepala anatsika kuchoka pa pafupifupi 71,000 mu 2008 kufika pa pafupifupi 31,000 mu 2020, chifukwa ndalama za otsatsa malonda zinasamukira ku makampani monga Google ndi Facebook. Koma digiri imeneyi si ya utolankhani wokha. Ambiri amene anadutsa m'manja mwanga lero ndi aneneri a makampani ndi maunduna, ena amakonza mauthenga a zaumoyo m'mabungwe, ena ali kotsatsa malonda, ena amakonza mawu ndi zithunzi za kanema, ena amayendetsa masamba a mchezo a mabanki ndi masukulu, ena amachita kafukufuku wa omvera. Maina a ntchitozi ndi osiyana, koma pakhomo amafunsa funso limodzi: tionetseni zimene munapangapo.

Apa ndiye pali vuto limene limandipweteka kwambiri, vuto la kuchedwa. Ophunzira ambiri amadikira. Chaka choyamba amati tikuzolowera, chachiwiri amati tidikire kaye atiphunzitse kamera, chachitatu amati tidzayamba pa atachimenti, nthawi yokaphunzira ntchito pakampani. Pofika chaka chomaliza ali ndi magiredi abwino koma alibe nkhani ngakhale imodzi imene inatulukapo ndi dzina lawo. Mmera m'poyamba. Kulemba kumabwera ndi kulemba, ndipo dzanja limene silinazolowere silingazolowere m'sabata yofunsira ntchito.

Pali mtsikana wina amene mpaka lero ndimamuganizira. Anali ndi mawu amene ndimawamva kamodzikamodzi, omveka, odekha, osathamanga. Aliyense ankamuuza kuti wailesi ikumudikira, ndipo iye anakhulupirira. Nyuzipepala ya ophunzira sankalembamo, ankati imeneyo ndi ya osatha kulankhula. Ndikamubwezera nkhani itadzaza inki yofiira ankaipinda n'kuiika m'chikwama, osailembanso. Mayeso ankakhoza, chifukwa kuloweza ankatha. Atamaliza anaitanidwa kunyumba ina youlutsira mawu. Iye anakonzekera kuwerenga, koma iwo anamupatsa chikalata cha masamba awiri chochokera ku bungwe lina, n'kumuuza kuti apangepo nkhani yoti iwerengedwe pasanathe mphindi imodzi. Anakopera ndime yoyamba ya chikalatacho monga inalili, pamene nkhani yeniyeni inali pansi pa tsamba lachiwiri. Ku maikolofoni sanafikeko n'komwe. Ntchito inapita kwa mnyamata wa mawu wamba amene ankalemba m'nyuzipepala ya ophunzira kuyambira chaka choyamba.

Chimene chimandiwawa si kulepherako, poti kulephera kamodzi kumachitikira aliyense. N'zimene zinatsatira. M'malo mokhala pansi n'kuyamba kulemba, anaona chilengezo pa intaneti cha "sukulu" ina yolonjeza kusandutsa munthu muulutsi wa pa kanema m'masabata ochepa, ndi ntchito pamapeto pake. Makolo ake anakongola ndalama. Kumeneko anamuphunzitsa kaimidwe, kamwetulidwe ndi kavalidwe, anamujambula kanema wamfupi ali patsogolo pa nsalu yobiriwira, n'kumupatsa setifiketi yokongola imene palibe wolemba ntchito aliyense ankaidziwa. Ntchito yolonjezedwa ija inali yoti azipita kukathandiza pa zochitika za mwini sukuluyo popanda malipiro. Anatayako chaka. Pamene anadzandipeza anali atayamba kukhulupirira kuti alibe mwayi, chonsecho chimene chinkasowa chinali luso loti akanaliphunzira mwaulere pa desiki yake ali kukoleji.

Eni masukulu oterewa achuluka, ndipo amadziwa kuti achinyamata ali ndi njala yooneka. Sindikunena kuti maphunziro aafupi onse ndi oipa. Kosi ya masabata awiri yophunzitsa pulogalamu yokonzera mawu kapena kanema ndi yothandiza, bola izinena zoona kuti ikuphunzitsa chinthu chimodzi chokhacho. Koma munthu akakulonjezani dipuloma ya utolankhani m'miyezi itatu, kapena akakuuzani kuti ntchito ndi yotsimikizika mukangolipira, gwirani chikwama chanu. Palibe sukulu yoona imene ingalonjeze ntchito, chifukwa wolemba ntchito si iyo. Musanalipire kalikonse, funsani bungwe la boma loona za maphunziro apamwamba m'dziko lanu ngati sukuluyo ndi maphunziro akewo n'zovomerezeka. Funsani bungwelo, osati sukuluyo, chifukwa pepala lopachika pakhoma aliyense angathe kulisindikiza. Funsani kuti amaphunzitsa malamulo a zofalitsa nkhani ndani, ndipo munthuyo anagwirapo kuti ntchito. Pemphani kuona nkhani, mapulogalamu kapena makanema amene ophunzira a chaka chatha anapanga. Akakuonetsani situdiyo, funsani ophunzira okha, aphunzitsi atachokapo, ngati amaloledwa kugwira zipangizozo kapena zimangotsegulidwa alendo akabwera.

Palinso ena amene sakhala ndi nyumba yophunzitsiramo n'komwe. Amapezeka pa TikTok ndi YouTube, akugulitsa "chinsinsi" chotchukira msanga, ena mpaka kuphunzitsa ana kugula owatsatira abodza. Mkonzi wodziwa ntchito sawerenga owatsatira, amatsegula zimene munaika n'kuona ngati zili zoona. Wophunzira amene anafalitsa mphekesera yoti munthu wamwalira asanatsimikize, chizindikiro chimenecho chimamutsata, chifukwa intaneti siiwala. Chimodzimodzi amene akupereka nkhani zolembedwa ndi makina a AI ngati zake: makinawo amatha kupeka dzina, tsiku ndi mawu a munthu molimba mtima, ndipo khoti likadzaitana, woyankha ndi amene dzina lake lili pamwamba pa nkhaniyo.

Kwa inu amene muli kale m'kalasi, musadikire kamera ya koleji. Foni imene muli nayo imajambula mawu ndi zithunzi zokwanira kuyambira. Lembani m'nyuzipepala ya ophunzira, dziperekeni ku wailesi ya koleji kapena ya m'dera, pitani kukhoti mukakhale kumbuyo n'kulemba zimene zachitika, kenako mupatse munthu wosakunyengererani kuti akonze. Sankhaninso gawo limodzi loti mulidziwe mozama, kaya zachuma, zaumoyo, zaulimi, zamalamulo kapena zamasewera, chifukwa wodziwa kufalitsa koma wosadziwa chimene akufalitsa amangobwereza zimene wauzidwa. Sungani zonse zimene mwapanga pamalo amodzi, ndi masiku ake.

Ndipo atachimenti muyambe kuifunafuna miyezi ingapo nthawi yake isanakwane, polemba nokha kalata kwa mkonzi kapena mkulu wa nthambi ndi kuphatikizapo ntchito zanu ziwiri kapena zitatu zabwino koposa. Wina akakuuzani kuti mumupatse ndalama kuti akupezereni malo a atachimenti, kanani, ndipo mukauze mphunzitsi wanu tsiku lomwelo, chifukwa munthu ameneyo akuuzanso anzanu a m'kalasi zomwezo.