Kanyali kayaka pa dashibodi: kodi galimoto ikhoza MOT?

Masabata apitawa takhala tikukangana ndi makasitomala, ena mwa iwo abale athu ochokera ku Malawi, pa nkhani ya tinyali ta pa dashibodi. Ena afika ponena kuti timalepheretsa galimoto dala kuti tidye ndalama zokonzetsera. Malamulo a MOT ndi a DVSA, bungwe la boma loona za kuyesa galimoto, ndipo amagwira ntchito ku England, Scotland ndi Wales. Sitinawapange pa galaja pano.

MOT n'chiyani?

Ndi COF ya kuno, kuyesa ngati galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu. Galimoto ikakwana zaka 3 imayesedwa chaka ndi chaka.

Kanyali kalikonse kamalepheretsa?

Ayi. Kokumbutsa sevisi ndi kosonyeza kuti mafuta atsala pang'ono sitikawerengera. Koma ka ABS (ka mabuleki), ka airbag, ka ESC (koteteza kuti galimoto isatereke) ndi ka chiwongolero cha magetsi kakamasonyeza vuto, galimoto yalephera.

Injini ikulira bwinobwino, n'chifukwa chiyani mwailepheretsa chifukwa cha kanyali kachikasu?

Funso ili ndilo latiyambanitsa ndi anthu ambiri. Kuyambira pa 20 Meyi 2018, kanyali ka injini kakakhala koyaka timalemba kuti vuto lalikulu. Izi zikukhudza galimoto za petulo zimene zinayamba kuyenda pa 1 Julaye 2003 kapena pambuyo pake, ndi za dizilo kuyambira pa 1 Julaye 2008. Tikuvomereza kuti nthawi zina cholakwika chimakhala kasensa kotsika mtengo, injini ilibe kanthu. Komabe woyesa saloledwa kumasula chilichonse kapena kuganizira. Amalemba zimene waona.

Nanga ka matayala?

Pa galimoto zoyamba kuyenda kuyambira pa 1 Januwale 2012 timaona ngati TPMS, chipangizo choona mpweya wa m'matayala, ikugwira ntchito. Ngati tayala langochepa mpweya, popani musanabwere. Ngati sensa yafa, imeneyo ndi nkhani ina.

Ndikachotsa babu kapena kumata tepi?

Musavutike. Tikatembenuza kiyi, kanyaliko kayenera kuyaka kenako n'kuzima. Ka injini kapena ka ABS kosayaka n'komwe nakonso kamalepheretsa. Kufufuta ndi kompyuta vuto lisanakonzedwe kumangogula nthawi, ndipo kambiri kamadzayakanso.

Ndalipira kale, ndilipirenso ikalephera?

Zimatengera. Mtengo wa MOT ya galimoto wamba sungapitirire £54.85, ndipo ndi woyesera, osati wokhozera, choncho subwezedwa. Mukaisiya pa galaja pomwepo kuti ikonzedwe, n'kuyesedwanso masiku 10 ogwira ntchito asanathe, kuyesa kwachiwiriko n'kwaulere. Mukapita nayo kwa makaniko wanu n'kubwera nayo m'masiku 10 omwewo, galaja ikhoza kukulipiritsani, koma osapitirira theka la mtengo uja. Masikuwo akadutsa, mumayamba pachiyambi ndi mtengo wonse. Palibe lamulo lokukakamizani kukonzetsa kwa ife, ngakhale ena amachoka pano akuganiza choncho. Funsani za mtengo musanapereke makiyi, chifukwa magalaja amasiyana.

Ndingaiyendetse italephera?

Ngati MOT yakale isanathe ndipo sitinalembe kuti vutolo ndi loopsa, mukhoza kuchoka nayo, koma mlandu wa galimoto yosayenera pa msewu ndi wanu. Kuyenda popanda MOT chindapusa chake chimafika £1,000.

Ndikuona kuti woyesa walakwitsa.

Zimachitika, sitikana. Yambani mwakambirana nafe. Zikakanika, lembani fomu ya VT17 kupita ku DVSA m'masiku 14 ogwira ntchito, ndipo galimotoyo musaikonze kufikira ataiona.