Mitu yaikulu, thumba lopepuka: za mpendadzuwa ndi njuchi

Dandaulo limene alangizi timalimva kawirikawiri kwa alimi a mpendadzuwa kuno ku Salima ndi lakuti thumba ladzaza koma pa sikelo silikukoka. Mitu inali yaikulu, koma popeta zambiri zikungouluka ndi mphepo. Ambiri amaloza chala wogulitsa mbewu kapena sikelo ya venda, ndipo nthawi zina salakwa. Koma nthawi zambiri vutolo limakhala kuti linayamba kale, sabata ija munda wonse unali chikasu.

Thyolani mutu umodzi wamaluwa muuyang'anitsitse. Si duwa limodzi ayi. Masamba achikasu a m'mphepetewo sabereka, ntchito yawo ndi kukopa tizilombo. Pakati pali timaluwa ting'onoting'ono, pa mutu waukulu timapitirira 1,000, ndipo kalikonse kamabala njere imodzi basi. Timatseguka mozungulira, kuyambira kunja kulowera pakati, kwa sabata kapena kupitirirapo. Kaduwa kamayamba katulutsa mungu, mbali yachikazi n'kutulukira pambuyo pake. Munguwo ndi wolemera komanso womata, mphepo siunyamula monga imachitira ndi wa ngayaye za chimanga. Wonyamula wamkulu ndi njuchi. Kaduwa kamene sikanalandire mungu kamapangabe khoko looneka bwino, koma mukalitswa ndi mano, m'kati mulibe kanthu. Ndiyo mphwepwa imene ikupepula matumba athu.

Mbewu za haibulidi zimatha kudziberekera pazokha kuposa zamakolo, komabe nazonso zimadzaza bwino njuchi zikamayendera. Tsono kuno ndi kwa thonje. Mnzanu akapopera mankhwala m'mawa dzuwa litakwera, pamene njuchi zili pakalapakala, waphera ndi munda wanu womwe. Kambiranani kuti kupopera kuzichitika madzulo. Amene angathe apachike ming'oma pafupi ndi munda. Uchi ndi ndalama ina, ndipo mitengo imene njuchi zinkakhalamo yambiri inapita ku makala.

Zoti mpendadzuwa umatsata dzuwa n'zoona, koma ukadali wanthete. Masana mbali ya kum'mawa ya tsinde imakula msanga, mutu n'kupendekera kumadzulo. Usiku imakula ya kumadzulo, mutu n'kubwerera. Maluwa akatseguka tsinde limauma gwa, mitu yambiri n'kungoyang'ana kum'mawa, kwa ife kuno kunyanja. Ofufuza a ku California anaonetsa mu 2016 kuti mutu woyang'ana kum'mawa umafunda msanga m'mawa, ndipo njuchi zimauthamangira kuposa woyang'ana kumadzulo.

Si mphwepwa yonse imene imabwera chifukwa chosowa njuchi. Mbewuyi ili ndi muzu wolowa pansi kuposa mita, n'chifukwa chake imapirira ng'amba imene imafoola chimanga. Koma chilala chikaigwira pa nthawi ya maluwa, njere za pakati pa mutu sizikhwima. Madzi odikha ndiye imadana nawo kwambiri: madambo a ku Lifuwu asiyireni mpunga. Imacha pa masiku 90 mpaka 120, choncho kubzala kumapeto kwa Disembala kapena kumayambiriro kwa Januwale kumathandiza kuti maluwa apeze chinyezi, mitu n'kuuma mvula italekeza. Mukafulumira kwambiri mitu imaola, mukachedwa imanyala. Mizere italikirane masentimita 75, mapando 25 mpaka 30, ndipo popatulira siyani mbewu imodzi paphando. Ine mutu waukulu kwambiri sundisangalatsa: umachedwa kuuma ndipo umasonyeza kuti m'munda mbewu zachepa.

Kwawo kwa mbewuyi ndi ku North America, kumene eni dziko anayamba kuilima zaka zoposa 4,000 zapitazo. Anthu a ku Spain anaitengera ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500, koma amene anaisandutsa mbewu ya mafuta ndi a ku Russia. Lero Russia ndi Ukraine ndiwo amalima kwambiri, ndipo ku Ukraine ndi duwa la fuko. Nkhondo itabuka kumeneko mu 2022, mafuta ophikira anakwera mtengo m'maiko ambiri, amayi ogulitsa mandasi pa Kamuzu Road kuno ku Salima nawo anaimva.

Njere zakuda ndizo za mafuta, zimakhala nawo pafupifupi magawo 40 pa 100. Zamizeremizere n'zabwino kukazinga. Keke yotsala pofinya ndi chakudya cha nkhuku, nkhumba ndi ng'ombe za mkaka, choncho gulu la alimi lokhala ndi makina ofinyira limagulitsa kawiri. Kololani kumbuyo kwa mutu kukachoka ku chikasu kupita ku bulawuni, musadikire kuti njiwa ndi mpheta zikuthandizeni. Yanikani mitu pa lona, punthani ndi kamtengo, petani bwino, ndipo chaka chamawa mpendadzuwa usabwererenso m'munda womwewo chifukwa matenda oola mitu amatsalira m'nthaka.