Mungadziwe bwanji kuti injini yatsopano ya chess yakuladi mphamvu?

Aliyense amene amalemba pulogalamu yosewera chess, yomwe ife a ntchitoyi timaitchula kuti injini, amafika pa tsiku limene mtima umamugunda. Wasintha kanthu kena m'kati mwa pulogalamuyo, mwina mmene imayezera chitetezo cha mfumu, mwina mmene imasankhira njira zosafunika kuzitsatira pofufuza, ndipo tsopano akufuna kudziwa ngati mng'onoyu waposa mkulu wake. Funsoli limamveka lophweka, komatu pa ntchito yonse yopanga injini, apa ndi pamene anthu amadzinamiza kwambiri.

Maso a munthu anasiya kale kuthandiza pa nkhaniyi. Kuyambira mu 1997, pamene kompyuta ya IBM yotchedwa Deep Blue inagonjetsa Garry Kasparov, katswiri wa chess wa dziko lonse pa nthawiyo, ku New York ndi mapointi 3.5 kwa 2.5, makina akhala akukwerabe, moti lero ngakhale katswiri wamkulu sangaonerere injini ziwiri zamphamvu n'kunena motsimikiza kuti iyi ikuganiza bwino kuposa inzake. Kale anthu ankayesa injini poipatsa mafunso, monga mayeso a Bratko ndi Kopec a mu 1982 okhala ndi maimidwe 24 a zidutswa pa bolodi, pomwe injini inkayenera kupeza kusuntha kolondola. Mayeso otere ali ndi ntchito yake, makamaka pogwira zolakwika zikuluzikulu. Vuto lake n'lakuti ukhoza kuikonza injini kuti izikhoza mafunso onsewo, koma ikakhala pa masewera enieni n'kumasewera moipa kuposa kale. Njira yokhayo imene ine ndimaikhulupirira ndi kuziseweretsa injinizo, yatsopano ndi yakale, n'kuwerenga zotsatira.

Mphamvu timaiyeza ndi manambala a Elo, dzina lochokera kwa Arpad Elo, mphunzitsi wa sayansi wobadwira ku Hungary amene anakhala ku America, ndipo bungwe loyang'anira chess padziko lonse la FIDE linayamba kugwiritsa ntchito njira yake mu 1970. Nambalayi payokha ilibe tanthauzo. Chimene chimalankhula ndi kusiyana kwa manambala a osewera awiri. Amene waposa mnzake ndi Elo 200 amayembekezeka kutenga mapointi pafupifupi 76 pa 100 alionse, wa Elo 100 amatenga 64, pamene wa Elo 10 amangotenga 51 ndi kachidutswa. Powerengera, kupambana ndi pointi imodzi, kulepherana ndi theka.

Tsopano tiyerekeze kuti mwaseweretsa injini ziwirizo maulendo 100. Yatsopano yapambana 22, yagonja 18, ndipo 60 zalepherana. Mapointi ake ndi 52, zomwe zikuoneka ngati yakwera ndi Elo 14. Munthu akaona zimenezi amafuna kuthamanga kukauza anzake. Koma tengani khobidi muliponye m'mwamba maulendo 40: kodi mungadabwe mbali imodzi itagwa ka 22, inayo ka 18? Ayi ndithu, ndipo masewera 40 amene anathera pa kupambana ndi kugonja aja sakusiyana ndi khobidilo. Masamu amati pa masewera 100 otere, nambala imene mwapezayo ikhoza kuphonya choonadi ndi Elo yoposa 40, m'mwamba kapena m'munsi. Ndiye kuti injini imene mukuiyimbira m'manja ikhoza kukhala yofooka kuposa yakale ndi Elo pafupifupi 30.

Chowawa n'chakuti mwayi suchoka msanga. Kuti kuphonyako kuchepe ndi theka, masewera ayenera kuchuluka kanayi. Pa masewera 1,000 kuphonya kumatsika kufika pa Elo 14, ndipo kuti kufike pa Elo 2 pamafunika masewera pafupifupi 50,000. Wina angafunse kuti Elo 2 n'chiyani choti munthu n'kuvutikira. Yankho n'lakuti injini ikakhwima, zosintha zazikulu zimatha, zimene zimatsala n'zazing'ono chonchi, ndipo mtundu watsopano umene umatuluka umakhala mulu wa tizosintha tambirimbiri totere. Ukalola kuti tina toipa tilowe chifukwa tinachita mwayi pa masewera ochepa, umakhala ukumanga ndi dzanja limodzi n'kumagumula ndi linalo. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Anthu amene anaionetsa bwino nzeru imeneyi ndi opanga Stockfish, injini yaulere imene Tord Romstad, Marco Costalba ndi Joona Kiiski anaiyambitsa mu 2008. Mu 2013 Gary Linscott anawakonzera njira yotchedwa Fishtest, momwe anthu odzipereka m'maiko osiyanasiyana amabwereketsa makompyuta awo kudzera pa intaneti kuti aziseweretsa injini usana ndi usiku. Chosintha chilichonse chimayamba ndi masewera achangu, masekondi 10 kwa injini iliyonse pa masewera amodzi athunthu kuwonjezapo 0.1 pa kusuntha kulikonse. Chikakhoza pamenepo chimapita pa nthawi yotalikirapo, masekondi 60 kuwonjezapo 0.6. Mayeso achiwiriwa ndi ofunika chifukwa pali nzeru zina zimene zimathandiza injini ikamaganiza mwachangu, koma zimaipweteka ikapatsidwa mpata wozama. Chimene ndimachikonda pa dongosololi n'chakuti siliyang'ana nkhope: ganizo la munthu wodziwika ndi la wongoyamba kumene limadutsa pa khomo limodzi.

Opanga Stockfish sayamba ndi kunena kuti tisewera masewera akuti. Amagwiritsa ntchito njira ya masamu yotchedwa SPRT, imene Abraham Wald anaipeza pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Masewera akamapitirira, kompyuta imawerengera mbali imene umboni ukupendekera, pakati pa "chosinthachi chikuthandiza" ndi "sichikuthandiza", ndipo umboni ukafika pa malire oikidwiratu, mayeso amaima okha. Ganizo loipa kwambiri limagwa msanga osawononga nthawi ya makina, pamene lokayikitsa limatha kudya masewera masauzande ambirimbiri. Apa pali msampha umene ndimawachenjeza ongoyamba kumene nthawi zonse: musamaimitse mayeso ndi dzanja lanu chifukwa choti mwasuzumira n'kupeza injini yanu ili patsogolo. Mukamasuzumira kawirikawiri, tsiku lina mudzaipezadi ili patsogolo mwamwayi chabe. Malire amaikidwa masewera asanayambe, ndipo samasunthidwa.

Kayambidwe ka masewera nakonso kali ndi nkhani yake. Injini ikaikidwa pa malo amodzimodzi imakonda kusuntha chimodzimodzi, choncho mukangoyambira pa chiyambi cha bolodi nthawi zonse, masewera anu 10,000 akhoza kukhala masewera ochepa obwerezedwabwerezedwa. N'chifukwa chake oyesa amakhala ndi mndandanda wa mayambidwe ambiri osiyanasiyana, ndipo kayambidwe kalikonse kamaseweredwa kawiri: koyamba injini yatsopano itenga zoyera, kachiwiri itenga zakuda. Potero palibe amene angadandaule kuti anapatsidwa mbali yoipa. Injini zitafika pa mphamvu ya masiku ano panabuka vuto lina, loti zikayambira pa malo ofanana mphamvu zimangolepherana pafupifupi nthawi zonse, ndipo masewera olepherana okhaokha sakuuza amene ali wamkulu. Choncho oyesa ambiri anayamba kugwiritsa ntchito mayambidwe opendekera dala, monga a UHO amene Stefan Pohl anasonkhanitsa, pomwe mbali imodzi imayamba ili ndi kamwayi. Funso limasanduka lakuti: ndani amene angapambane akapatsidwa mbali yabwinoyo, n'kudzapulumuka akapatsidwa yoipayo?

Za makina ndi nthawi n'zodziwikiratu kuti ziyenera kufanana, koma anthu amakanganabe pa zimenezi. Mu December 2017 kampani ya DeepMind inalengeza kuti injini yake yotchedwa AlphaZero yaseweretsedwa ndi Stockfish 8 maulendo 100, n'kupambana 28, kulepherana 72, osagonjako. Kasewero ka AlphaZero kanali kokongola ndipo kanasintha maganizo a ambiri a ife. Komabe odziwa anafunsa mafunso oyenera: kusuntha kulikonse kunapatsidwa mphindi imodzi yokhazikika, zomwe zinalanda Stockfish luso lake logawa nthawi, malo ake osungira zimene yafufuza kale anali 1 GB yokha, ndipo makina a mbali ziwirizo anali amitundu yosiyana. Chaka chotsatira DeepMind inatulutsa zotsatira za masewera 1,000 pa malamulo okonzedwa, pomwe AlphaZero inapambana 155 n'kugonja 6.

Palinso china chimene owerenga ambiri sachidziwa. Injini ikamasewera ndi mtundu wake wakale, kukwera kwake kumakonda kuoneka kwakukulu kuposa mmene kungaonekere itakumana ndi alendo, chifukwa awiriwo amaganiza mofanana ndipo kusiyana kochepa kumagunda pamalo amodzi mobwerezabwereza. Apa ndi pamene mindandanda ya oyesa oima paokha monga CCRL ndi CEGT, komanso mpikisano wa injini wa TCEC, zimathandiza, popeza kumeneko injini imakumana ndi adani amakhalidwe osiyanasiyana. Koma musatenge manambala a kumeneko, opitirira 3,500, n'kuwaika pambali pa 2,882 amene katswiri wa ku Norway Magnus Carlsen anafika mu 2014. Miyeso iwiriyi inawerengedwa m'magulu osiyana a osewera, ndipo siilumikizana mwachindunji.

Mayeso omwewa amagwiranso ntchito pochotsa zinthu. Munthu akaona kuti gawo lina la pulogalamu likungolemetsa, amalichotsa n'kuseweretsa injini yopepukayo ndi yakale, ndipo ngati mphamvu sinatsike, gawolo limapita. Mu August 2020 Stockfish inalandira NNUE, njira yoyezera bolodi imene kompyuta imaphunzira yokha kuchokera ku maimidwe a pa bolodi ochuluka zedi, yomwe Yu Nasu anaiyambitsa mu 2018 pa masewera a ku Japan otchedwa shogi. Kukwera kwake kunali kwa Elo makumi angapo nthawi imodzi, kosabisika ngakhale pa masewera ochepa. Kwa zaka zitatu njira yatsopanoyi inkayendera limodzi ndi malamulo akale olembedwa pamanja, onena za chitetezo cha mfumu, kaimidwe ka asilikali aang'ono ndi ufulu wa hatchi ndi bishopu. Mu 2023 malamulo amenewo, omwe anthu anawasula kwa zaka zoposa khumi, anachotsedwa onse.